Ukwati Ukatha, Ana Akhala ndi Yani?

Phunziro la za khoti, kusunga ana ndi kuona ana

Mau Oyamba

Palibe mkazi amene amalowa m'banja ali ndi maganizo akuti tsiku lina adzaimirira pamaso pa woweruza kulimbana ndi atate a ana ake. Koma tikayang'ana m'midzi yathu ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, tiona kuti maukwati akutha ndithu. Ena mwa amene akulira ndi ana athu, azing'ono athu, ngakhalenso anzathu amene timakhala nao pa mphasa imodzi pa tsiku la Cigwirizano. Ukwati ukatha, mbuzi zimagawika, matumba a cimanga amagawika, malata a nyumba amawerengeka. Koma mwana sagawika. Ndi cifukwa cake mlandu wa ana ndiwo umawawa koposa milandu yonse ya cisudzulo.

Amai ena amasiya ana ao m'manja mwa anthu osawasamala cifukwa anaopsezedwa kuti, "Ulibe ndalama, khoti silingakupatse ana." Enanso amatsekera atate pakhomo poganiza kuti lamulo lili kumbali yao. Onsewa amalakwitsa cifukwa ca kusadziwa. M'phunziro lino tiona zimene mwambo umanena, makhoti amene amaweruza nkhanizi, zimene woweruza amayang'ana, ndi m'mene mai angakonzekere.

1. Zimene mwambo umanena

Kwa ife Acewa a Kalonga Gawa Undi, ndiponso kwa abale athu Ansenga, mwana amatsata mtundu wa amai ake. Ana ndi mbumba ya malume ao. Pa ukwati wa cikamwini, mwamuna ndiye anali kubwera kudzamanga nyumba kwao kwa mkazi, ndipo ukwati ukatha anali kunyamula zake n'kubwerera kwao, ana n'kutsala. Ngakhale pa citengwa, mkazi akasudzulidwa anali kubwerera kwao pamodzi ndi ana. Kwa Angoni a Mpezeni nkhani ndi ina: lobola ikaperekedwa, ana amawerengedwa kumtundu wa atate.

Mwambo unali ndi ubwino wake. Mwana sanali kusowa mudzi, ndipo aliyense anali kudziwa udindo wake. Koma lero zinthu zasakanizika. Mcewa akwatira Mngoni, Mnsenga akwatiwa ndi Mtumbuka kapena Mbemba, mabanja ambiri akhala pa boma kapena ku Lusaka, kutali ndi malume. Makolo enanso a Cicewa ayamba kulipiritsa ndalama zambiri pokwatitsa mwana, motero mwamuna ukwati ukatha amati, "Ndinalipira, ana ndi anga." Mkazi naye amati, "Kwathu ana ndi a mai." Aliyense agwira mwambo umene umukomera.

Onani kuti funso la mwambo ndi lakuti: mwanayu ndi wa yani? Funso la khoti ndi lina: mwanayu adzakhala bwino kuti? Mukamvetsa kusiyana kwa mafunso awiriwa, mwamvetsa mutu wa phunziro lonse.

2. Makomo amene mlandu umadzera

Nkhani ya banja imayambira kwa ankhoswe. Ikakanika imapita kwa anyakwawa, nthawi zina mpaka ku bwalo la mfumu. Makomo awa ndi ofunika, ndipo mabanja ambiri amamvana pomwepo osataya ndalama. Koma tidziwe kuti bwalo la mfumu silili m'gulu la makhoti a boma. Cimene mwagwirizana kumeneko cimaima pa ulemu ndi kukhulupirika kwa anthu. Wina akacikana, apolisi sangamukakamize monga acitira ndi lamulo la khoti.

Khoti lothetsa ukwati limadalira mtundu wa ukwati wanu.

Ukwati wa mwambo, umene unamangidwa ndi ankhoswe, umathetsedwa ku Local Court. Kumeneko munthu amadzilankhulira yekha m'cinenero cake, pakuti maloya saimirira anthu pa milandu yotere. Khotili limagwiritsa nchito mwambo wa eni mlandu, koma lamulo lolikhazikitsa limanena kuti mwambowo usatsutsane ndi cilungamo kapena ndi malamulo olembedwa a dziko. Amene sanakhutire ndi ciweruzo ali ndi masiku 30 ocitira apilo ku khoti la majisitireti, monga la pa Katete, pa Petauke kapena ku Chipata. Masiku amenewa amatha msanga; musadikire kuti muyambe mwakolola.

Ukwati wolembetsedwa pansi pa lamulo la boma la maukwati, kaya unamangidwa kwa kanselo kaya m'chalichi cololedwa kumanga maukwati otere, umathetsedwa ndi High Court yokha, potsata lamulo la Matrimonial Causes Act la caka ca 2007. Woweruza asanatsirize kuthetsa ukwati wotere, amafuna kukhutira kuti za ana zakonzedwa bwino. Apa amai ambiri amasokonezeka. Si ukwati uliwonse wa m'chalichi umene uli wa lamulo la boma. Wina umakhala ukwati wa mwambo umene unangodalitsidwa. Tulutsani cikalata canu ca ukwati muciwerenge, kapena funsani abusa amene anaumanga, kuti mudziwe khomo loyenera.

Nanga amene anabereka mwana popanda ukwati? Naonso khoti limawamvera. Mai angapemphe khoti kuti ligamule kuti uje ndiye tate wa mwana, ndi kuti azipereka thandizo. Pamaso pa lamulo, mwana wobadwira kunja kwa ukwati ali ndi ufulu wofanana ndi mnzake wobadwira m'banja. Ngati simudziwa khoti loyambira, pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma panu kapena kwa kalaliki wa khoti la majisitireti, adzakulozerani.

3. Mfundo yaikulu: ubwino wa mwana

M'caka ca 2022 dziko lathu linakhazikitsa lamulo lochedwa Children's Code Act, nambala 12. Lamuloli linasonkhanitsa pamodzi nkhani za ana zimene zinali zomwazika, ndipo linafafaniza malamulo anai akale, kuphatikizapo la 1995 limene linali kunena za kuzindikira tate ndi kuthandiza ana. Mwana, mwa lamulo, ndi munthu amene sanapitirire zaka 18.

Mfundo ziwiri za m'lamuloli tiyenera kuzisunga pamtima. Yoyamba: pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ndiwo uyenera kutsogola. Yaciwiri: udindo wolera mwana ndi wa mai ndi tate onse awiri, kaya ali pa ukwati kaya ai. Cisudzulo cimathetsa ukwati, koma sicithetsa ukholo.

Mfundo ya ubwino wa mwana sinayambe mu 2022. Ili m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la caka ca 1989, limene Zambia inavomereza mu 1991. Makhoti athu akhala akuitsata kwa zaka zambiri, ndipo oweruza amachula kawirikawiri mlandu wina wa ku England wochedwa J v C, umene unagamulidwa mu 1969. Mnyamata wina wobadwa kwa makolo a ku Spain analeredwa ndi banja la ku England kuyambira ali khanda, cifukwa amai ake anali kudwala. Atafika zaka ngati 10, makolo omubereka, amene tsopano zinthu zinali kuwayendera bwino, anamufuna. Makolowo sanali anthu oipa. Komabe khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mwana akhale kumene anakulira, poona kuti kumuzula pa msinkhu umenewo kukanamuvulaza mumtima. Ngati ubwino wa mwana unaposa ngakhale magazi, ndiye kuti ungaposenso ng'ombe za lobola, ndipo ungaposenso mau akuti "mbumba ndi yathu."

4. Zimene woweruza amayang'ana

Palibe lamulo lonena kuti ana apite kwa mai nthawi zonse, kapena kwa tate nthawi zonse. Woweruza amaika zinthu zingapo pa sikelo.

Msinkhu wa mwana. Mwana woyamwa kapena wamng'ono kwambiri nthawi zambiri amasiyidwa ndi mai, pokhapokha pataoneka kuti maiyo akumuika pa ngozi. Uwu ndi mcitidwe wa makhoti, si ufulu wa mai umene sungagwedezeke.

Amene wakhala akumusamala. Ndani amamusambika, amapita naye ku sikelo, amagona naye m'cipatala akadwala malungo, amapita ku msonkhano wa makolo ku sukulu? Khoti silikonda kusuntha mwana amene wakhazikika bwino. Ici cikutiphunzitsa kanthu: mai amene wacoka pa ukwati n'kusiya ana kwa apongozi zaka zitatu osawaona, adzavutika kufotokoza cifukwa cake akuwafuna lero. Ngati mwathamangitsidwa ndipo ana akukanizani, musakhale cete. Kadandauleni msanga kuti cidziwike kuti simunawataye.

Sukulu ndi umoyo. Kodi kumene mwana akakhale kuli sukulu pafupi? Kodi akapitiriza kuphunzira, kapena akasanduka wobusa ng'ombe? Kodi mtsikana sakamukwatitsa msanga? Kumbukirani kuti kuyambira mu December 2023 ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa m'Zambia, ngakhale wa mwambo. Ngati mwana ali ndi cilema kapena amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, khoti lifuna kudziwa amene angawasamale bwino.

Maganizo a mwana. Mwana amene wafika pozindikira amafunsidwa, ndipo mau ake amalemera molingana ndi msinkhu wake. Koma iye si woweruza. Ndipo oweruza amazindikira msanga mwana amene waphunzitsidwa zonena kunyumba.

Abale ake. Makhoti sakonda kulekanitsa ana a mimba imodzi popanda cifukwa comveka. Kugawana kwakuti "anyamata kwa tate, atsikana kwa mai" kumaoneka kolungama kwa akulu, koma kwa ana ndi maliro aciwiri.

Citetezo. Nkhanza, kuledzera kosalekeza, kugona ana, kuwasiya okha usiku, zonsezi zimalemera kwambiri, kaya wocita ndi tate, mai, kapena mwamuna kapena mkazi watsopano wa m'nyumbamo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaganiza kuti ndizo zimagamula mlandu, pamene si conco. Coyamba ndi cuma. Tate wa golosale ndi galimoto sapatsidwa ana cifukwa ca cuma cokha, pakuti khoti lingathe kusiya ana kwa mai wolima ndi khasu n'kulamula tateyo kuti azipereka thandizo. Caciwiri ndi kulakwa pa ukwati. Mlandu wa ana si malo olangira amene anaswa banja. Khalidwe la kholo limalowa pa sikelo pamene likukhudza ana. Munthu angakhale mwamuna woipa kwa mkazi wake koma tate wabwino kwa ana ake. Zowawa kumva, koma zimacitika.

Pofuna kudziwa zoona, khoti lingatume wa ku Social Welfare kuti akayendere makomo onse awiri, aceze ndi ana, aphunzitsi ndi anansi, ndi kulemba lipoti. Akabwera alandireni bwino, ndipo musabise kanthu. Sabwera kudzaona mipando ya mtengo wapatali, koma pogona mwana, cakudya cake, ndi m'mene mwanayo akuonekera pamaso panu.

5. Kuona ana

Khoti likapereka ana kwa kholo limodzi, nthawi zambiri limalamulanso kuti kholo linalo liziwaona. Pena limagawa udindo kwa onse awiri, ana akukhala kwa mmodzi koma nkhani zazikulu monga za sukulu ndi cipatala akupangira pamodzi. Tizikumbukira kuti kuonana kumeneku ndi ufulu wa mwana poyamba. Akulu anati ubale ndi fupa, suola. Mwana amene amuletsa kuona atate ake adzawafunafuna akadzakula, ndipo adzafunsa amai ake cifukwa cake.

Mikangano yambiri imabuka cifukwa ciweruzo cinangoti "aziona ana pa nthawi yoyenera." Nthawi yoyenera kwa yani? Pemphani kuti zilembedwe momveka. Tiyerekeze kuti mai ali ku Vubwi ndi ana awiri a pa sukulu, ndipo tate akugwira nchito ku Chipata. Pangano labwino linganene kuti ana azipita kwa atate ao pa chuthi ca April ndi ca August, ndipo ca December azisinthana caka ndi caka. Kuti tate ndiye azilipira ulendo. Kuti ana azibwezedwa kutatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe. Kuti azilankhula nao pa foni tsiku lakuti. Ndiponso cimene cidzacitike ngati msewu waonongeka ndi mvula. Zikalembedwa conco, pokangana pamacepa.

Samalani ndi msampha uwu: thandizo ndi kuona ana ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mai asanene kuti, "Sunatumize ndalama, anawa suwaona." Tate nayenso asanene kuti, "Sundionetsa ana, ndalama sindipereka." Aliyense wotero akuswa lamulo la khoti, ndipo wolangika ndi mwana. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mnzanu akaswa ciweruzo, bwererani ku khoti limene linagamula.

Pamene pali nkhanza, nkhani imasintha. Khoti lingalamule kuti kholo liziona mwana pamaso pa munthu wina wodalirika, kapena kuletseratu. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la caka ca 2011 limalola khoti kupereka cikalata coteteza mai ndi ana kwa munthu wankhanza. Yambirani kwa apolisi a Victim Support Unit, ndipo ngati pali mabala pitani ku cipatala kuti alembe. Mai amene abisa nkhanza pofuna kusunga ulemu wa banja, tsiku la mlandu amasowa umboni.

6. Thandizo la ana

Makolo onse awiri ayenera kuthandiza monga mwa mphamvu zao. Khoti limayang'ana zosowa za mwana ndi zimene kholo lililonse limapeza. Kuno kwathu ambiri ndi alimi, ndipo ndalama zimaoneka akagulitsa cimanga, nshawa, soya, thonje kapena fodya. Musaope kufotokoza zimenezi ndi kupempha kuti thandizo likonzedwe motsata nyengo, kapena kuti lina likhale la matumba a cakudya, yunifomu ndi mabuku. Ciweruzo cimene munthu angathe kucikwaniritsa ciposa ca ndalama zambiri zimene sizidzabwera.

Sungani kabuku. Lembani tsiku ndi cimene mwalandira kapena mwapereka, ndipo mauthenga a ndalama za pa foni musafafanize. Dziwaninso kuti ciweruzo ca ana si comaliza mpaka kalekale. Zinthu zikasintha, monga kholo kusamukira kutali, kudwala, kutha nchito, kapena mwana kuyamba kuzunzika kumene ali, aliyense wa makolo angapemphe khoti kuti lisinthe.

7. Ife a m'malire

Vubwi ili m'malire ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo kucokera pa Katete msewu wa ku Chanida umalowa m'Mozambique. Ambiri tili ndi abale kutsidya, ndipo maukwati amaoloka malire tsiku ndi tsiku. Koma mphamvu ya khoti la Zambia imathera pa malire. Pali pangano la maiko la ku Hague la caka ca 1980 lothandiza kubweza ana amene kholo limodzi lawathawitsira ku dziko lina. Zambia inalowamo mu 2014, koma Malawi ndi Mozambique sali m'panganoli. Motero mwana akaolotsedwa, kumubweza kumakhala kovuta ndi kodya ndalama. Ngati muli ndi cifukwa coopera zimenezi, nenani mlandu usanathe, kuti ciweruzo cinene poyera kuti mwana asatulutsidwe m'dziko popanda cilolezo. Inunso musacite zomwezo kwa mnzanu. Kuthawitsa mwana usiku kupita naye kwa ambuya ake kutsidya kungakuonongereni mlandu umene mukanapambana.

8. Kholo likamwalira

Imfa ya kholo limodzi sicotsa udindo wa kholo lotsala. Acibale a malemu alibe mphamvu yolanda ana kwa mai wamasiye kapena kwa tate wamasiye cifukwa ca mwambo cabe. Komanso ambuya, azakhali kapena malume amene akhala akulera mwana angapite ku khoti kukapempha kuti apitirize, ndipo muyeso ndi womwewo, ubwino wa mwana. Tichule ici poyera: ena amalimbirana ana amasiye cifukwa ca cuma, podziwa kuti lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limapatsa ana magawo 50 pa 100. Cuma cimeneco ndi ca anawo, si malipiro a wowasunga.

9. Pokonzekera tsiku la khoti

Sonkhanitsani makalata: cikalata ca ukwati ngati cilipo, zikalata za kubadwa kwa ana kapena makadi a ku sikelo, malipoti a ku sukulu, makalata a ku cipatala ndi a ku polisi, citupa canu, ndi kabuku kanu ka thandizo. Pezani mboni zimene zinaona ndi maso, osati zongomva. Mukalandira kalata yokuitanani ku khoti musaibise m'cikwama. Mukapanda kupita, mlandu ungathe kuweruzidwa inu kulibe.

Polankhula, nenani za ana koposa za zolakwa za mwamuna. Fotokozani kumene adzagona, sukulu imene adzapita, amene adzawayang'ana inu muli kumunda kapena kumsika, ndi m'mene atate ao adzawaonera. Mai amene abwera ndi dongosolo amamveka bwino kuposa amene abwera ndi mkwiyo wokha. Musanamize mnzanu mlandu umene sanacite. Bodza likaululika, ngakhale zoona zanu zimakayikitsa. Ciweruzo cikaperekedwa, pemphani cikalata cake ndipo mucisunge pouma. Wosowa ndalama za loya angapite ku Legal Aid Board ku Chipata, ndipo pa nkhani ya mwana amene ali pa ngozi pali nambala yaulere ya 116.

Mau Otsiriza

Ife amai a Cigwirizano ndife amene timafika msanga pa khomo pamene banja lagwedezeka. Mau athu angazime moto kapena kuukoleza. Tisalangize mwana wathu kuti, "Abise anawo, aone cimene cinameta nkhanga mpala." Tisanyoze atate kapena amai a mwana iye akumva, pakuti theka la magazi ake ndi la munthu amene tikumunyozayo. Tiperekeze mnzathu ku Social Welfare ndi ku khoti, timuwerengere makalata ngati sadziwa kuwerenga, timusungire ana tsiku la mlandu. Ndipo ngati wosudzula mkazi ndi mwana wathu wamwamuna, ife apongozi tikhale oyamba kumuuza kuti athandize ana ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu, ukwati ukatha ana amapita kuti? Ndani amafunsa maganizo a anawo?

2. Fotokozani kusiyana kwa funso lakuti "mwana ndi wa yani" ndi lakuti "mwana adzakhala bwino kuti."

3. Mai wina akuletsa ana kuona atate ao cifukwa sanatumize thandizo miyezi inai. Mungamulangize bwanji?

4. M'magulu a anthu atatu, lembani pangano la kuona ana la makolo amene wina ali ku Sinda, wina ku Lusaka. Musaiwale za ulendo, za chuthi ndi za foni.

5. Kodi pa Cigwirizano canu ndani adziwa kumene kuli ofesi ya Social Welfare ndi Victim Support Unit? Sankhani amai awiri oti akafufuze ndi kudzafotokozera gulu pa msonkhano wotsatira.